Kampango m'Ndowa ya Vinyo

Loweruka limenelo masana Consolata anagwada m'bafa la nyumba yake ya ku Madaraka, mumzinda wa Nairobi, kapaipi kali m'manja, mkwiyo utafika pakhosi. Patsogolo pake panali ndowa yoyera yodzaza vinyo wosapsa, ndipo pamwamba pa vinyoyo pankayandama timaluwa tosawerengeka, tofufuma ngati gaga wonyowa. Lawson, chibwenzi chake cha zaka ziwiri, anaima pakhomo manja ali m'matumba, akupereka malangizo. Amuna ena mphatso yawo ndi imeneyo, kulangiza pa ntchito imene aiwononga okha.

Vinyoyu anali wa Lawson. Iye ndiye anabwera ndi bokosi la zopangira vinyo pochokera ku msonkhano wa ku ntchito ku London. Munali chitini cha madzi a mphesa, yisiti, kapaipi, kabotolo kokhota kotulutsira mpweya, ndi mapaketi awiri a timaluwa touma ta mtengo wina wa kumeneko, toti vinyo azinunkhira. Koma ku Muthaiga kumene ankakhala sakanayerekeza kulowa nalo. Nyumba inali ya mlongo wake wamkulu, a Dinah, ndipo a Dinah mowa ankadana nawo kuposa matenda. Bambo awo anali mkulu wa mpingo ku Dowa, munthu amene anamwalira asanalawepo ngakhale thobwa logona. Choncho bokosi linatsikira kwa Consolata, Mkatolika wa ku Dedza, amene kwa iye kapu ya vinyo pa Khirisimasi sunali mlandu. Anagwirizana kuti vinyoyo adzamwa abale a Consolata pa chinkhoswe, ndipo Consolata analonjeza kuti sadzauza a Dinah.

Pepala la malangizo Lawson analiwerenga ndi diso limodzi. Anang'amba paketi yoyamba n'kukhuthulira maluwa onse m'ndowa. Tsiku lachitatu maluwawo anakwera ndi thovu n'kutseka kabotolo ka mpweya, chivundikiro chinatukumuka mpaka kuphulika, ndipo Consolata pochokera ku ntchito anapeza khoma la bafa lili mathothomathotho. Anakolopa yekha. Tsopano inali nthawi yosamutsira vinyo m'ndowa ina, ndipo timaluwa tomweto tinkadzazana kukamwa kwa kapaipi, madzi n'kuima.

"Ukukoka mwaphuma," anatero Lawson. "Pole pole, Conso."

"Pole pole ukamuuze dalaivala wa minibasi zija za matatu. Bwera udzagwade pano."

Lawson anati thalauza limene anavala linali lopita nalo ku kwaya. Consolata anadzuka, natola pepala la malangizo pawindo, namuloza mzere wachinayi. Panalembedwa poyera kuti maluwa amangidwe kaye m'kathumba ka nsalu. Pansi pa mzere womwewo panali zilembo za Lawson zopendekera kumanzere: Lolemba, ndathira yisiti ndi maluwa, L. Munthu analemba pansi pa mzere umene sanauwerenge.

Anavuula maluwawo ndi sefa ya tiyi kwa ola lathunthu, msana wa Consolata mpaka kuwawa, kenako anasefera vinyo m'ndowa yachiwiri. Fungo la maluwa linali litathawa ndi thovu lija, choncho panafunika kuika paketi yotsala, ulendo uno yomanga. Nsalu yake inafunika yoyera, yopyapyala, yosasuluka. Zitenje za Consolata zikanasandutsa vinyo utoto. Lawson anapisa m'thumba natulutsa kampango koyera kokhala ndi chilembo cha L chosokedwa ndi ulusi wabuluu pakona. Anati a Dinah anamusokera tiwiri atapeza ntchito, koma kena kanamutayika m'matatu.

Consolata anawiritsa kampangoko pamodzi ndi kasupuni ka tiyi. Anakhuthuliramo maluwa, naikamo kasupuniko kuti kathumba kamire, nasoka kukamwa ndi singano. Anamangirira ulusi wautali, mbali ina n'kuikoletsa pa chogwirira cha ndowa.

"Koma kakuoneka ngati ka kwa sing'anga," anatero Lawson. Onse awiri anaseka, ndipo tsiku lonselo anaseka kamodzi komweko.

Posamba m'manja Consolata anafunsa funso limene linkamudya. Amalume a Lawson, a Masauko, ankafika Lachisanu kuchokera kumudzi, ndipo iwo ndiwo akanatsegula nkhani ya ukwati. Kodi a Dinah anali atauzidwa kuti mkazi wodzaonetsedwa ndi Consolata? Lawson anayamba zija za nthawi yabwino, zija za kuti achemwali amafunika kuwalowa mwanzeru.

"Ine ndi ndowayi tafanana," anatero Consolata. "Tonse umatibisa ku Madaraka, n'kumabwera kudzatisuzumira Loweruka."

Lawson anayang'ana wotchi, nati kwaya yayamba.

* * *

Lolemba masana Consolata anakumana ndi Monalisa pakhomo la sitolo ina ku Westlands. A Malawi a mu Nairobi ndi ochepa, ndipo munthu amene sukufuna kumuona ndiye umakumana naye kawiri pa sabata. Monalisa ankaimba kwaya imodzi ndi Lawson, ankapemphera mpingo umodzi ndi a Dinah, ndipo a Dinah ankamutcha mlamu pagulu, ati mwanthabwala. Nthabwala yobwerezedwa chaka chathunthu imakhala itasiya kukhala nthabwala.

Anapatsana moni wa mano okha. Monalisa anayamikira nsapato za Consolata, nafunsa ngati anazigula kumsika wa kaunjika ku Gikomba, popeza mnzake wina anali nazo zonga zomwezo. Consolata anayamikira tsitsi la Monalisa, nafunsa ngati mwini wake akudziwa kumene lili.

"Ndamva kuti kwanu kukununkhira masiku ano," anatero Monalisa akukonza chikwama paphewa. "Anthu akumapita kumeneko osafunanso kubwerera. Mutigawireko nzeruzo, asisi."

Consolata anakwera matatu. Za ndowa ankadziwa anthu awiri okha padziko. Ali pampando wakumbuyo analemba uthenga pa foni: Wauza ndani za ndowa? Yankho linabwera atadutsa kale bwalo la mpira: Palibe. Usayambe. Anawerenga mawu awiriwo katatu. Anakhulupirira chifukwa ankafuna kukhulupirira, ndipo pansi pa mtima ankadziwa zimenezo.

* * *

Lachitatu cha m'ma faifi, Consolata atangovula nsapato, chitseko chinagogodedwa. Anali a Dinah, atavala suti yabuluu ndi magalasi a unyolo, kumbuyo kwawo kuli Monalisa. M'zaka ziwiri zonse a Dinah anali asanapondepo Madaraka. Anakhala m'mphepete mwa mpando, chikwama chili pamwendo, akuyang'ana makatani ngati munthu wodzagula nyumba imene waikana kale.

Consolata anagwada powapatsa moni, nateleka tiyi. A Dinah anati amangodutsa. Anafunsa za makolo, za parishi, za chifukwa chimene mtsikana wa zaka makumi atatu ankakhalira yekha m'dziko la eni. Consolata anayankha zonse mwaulemu, ngakhale funso lililonse linkabwera ndi minga. Kenako Monalisa anapempha kupita kuseri.

Sanatheko ngakhale mphindi imodzi. Anaitana a Dinah ndi mawu otsika, a munthu amene waona njoka imene ankaidikira.

Consolata atafika pakhomo la bafa anapeza chivundikiro chili pansi. Monalisa anali atakoka ulusi, ndipo kumapeto kwake kunkalendewera kathumba kaja, katafufuma, katadetsedwa, kakudontha. A Dinah anavala magalasi. Anakagwira ndi nsonga za zala n'kukatembenuza, ndipo chilembo chabuluu chinaonekera pakona.

"Ulusi uwu ndi wanga," anatero a Dinah. "Ndinasoka ndi manja angawa. Mtsikana iwe, kampango ka mlongo wanga kakutani m'mowa?"

Consolata anayamba kufotokoza. Anati ndi maluwa chabe, onunkhiritsa vinyo, ndipo akangothiridwa osamanga amatseka kapaipi. Anati cholimba chimene ankachimva mkatimo ndi kasupuni. Mawu ake ankamveka opusa ngakhale m'makutu mwake. Kumudzi kulikonse, ku Dowa kapena ku Dedza, mkazi akapezeka ndi nsalu ya mwamuna itasokedwa, mkati muli zitsamba ndi supuni, itamizidwa m'chakumwa, palibe amafunsa dzina la maluwa.

"Supuni imene amadyera akabwera kuno," anawonjezera Monalisa, akupukusa mutu mwachisoni chabodza.

A Dinah anati tsopano amvetsa. Mwana wa mkulu wa mpingo, mnyamata amene sankaphonya chakudya chamadzulo kunyumba, chaka chonsechi wakhala ngati womangidwa chingwe. Iwo ankapemphera osadziwa kuti akulimbana ndi kondaine. Anafunsa kuti mowawo anafulula ndani, ndipo wamwetsapo kale mlongo wawo kangati.

Apa Consolata akanangonena dzina limodzi. Linafika pamilomo. Koma anakumbukira nkhope ya Lawson pamene ankanena kuti achemwali akadziwa za bokosilo adzamuthamangitsa m'nyumba, n'kukamunenera kwa abusa, ndiponso kwa amayi awo okalamba ku Dowa amene mtima wawo sunali bwino.

"Mukafunse a Lawson," anatero. "Akuuzani okha."

A Dinah anakulunga kathumbako m'pepala lapulasitiki n'kuika m'chikwama. Anati amalume akafika nkhaniyi idzakambidwa Loweruka ku Muthaiga, ndipo akafuna abwere. Tiyi anazizira patebulo. Consolata anabwezera chivundikiro pa ndowa, nakhala pansi pa bafa, nalira chifukwa cha manyazi ndi ukali.

* * *

Foni ya Lawson inaitana osayankhidwa mpaka Lachinayi masana, pamene anavomera kukumana pa kamalo kena kodyera chipisi ku Westlands. Anasankha tebulo la pakona, moyang'ana khoma. Consolata anaona zimenezo ndipo sanazikonde.

Lawson anayamba ndi pole, kupepesa kwa Chiswahili. Anati nkhaniyi yamudwalitsa, sanagone, sanadye. Akunena zimenezi mbale ya chipisi inali itafika pakati. Consolata anamufunsa chimene anayankha a Dinah atamuonetsa kampango. Lawson anapukuta zala nthawi yaitali, kenako anati anangowauza kuti sakukumbukira kumene anakasiya.

"Sukukumbukira."

"Conso, mvetsa. Ndikanati vinyo ndi wanga, bwenzi pano katundu wanga ali panja. Amalume akubwera mawa. Tidikire apite, zinthu zizizire, ndidzafotokoza bwinobwino."

"Amalume akapita, apita ndi chiyani m'kamwa? Akanena chiyani ku Dowa? Nanga zikafika ku Dedza kwa amayi anga, amene amatsogolera gulu la amayi a Chikatolika pa parishi, kuti mwana wawo akusoka zithumwa ku Kenya?"

Lawson anati anthu amaiwala. Consolata anati mbiri ya ufiti saiwala, imafika mpaka kwa adzukulu. Mwamuna womwa vinyo amakalapa kwa abusa, mwezi umodzi n'kubwerera mu kwaya. Mkazi wa kondaine alibe kolapa.

Anamufunsanso za Monalisa, kuti anadziwa bwanji kolunjika, popeza analowa m'bafa ngati muli katundu wake. Lawson anakwiya, kapena anayesa kukwiya. Anati fungo la vinyo limamveka pa masitepe, ndipo nsanje idzamupha Consolata. Anati iyeyo ndi Monalisa amangoimba limodzi, wina tenala wina aluto, basi.

Consolata anaimirira. Pamene analankhula anasiya kumutcha iwe, ndipo Lawson anamva kuzizira kwake.

"A Lawson, Loweruka ndibwera. Amalume anu akafunsa, mukayankhe ndinu. Ine ndakusungirani ndowa, ndakusungirani dzina. Langa mukalisunge inuyo."

Atafika kunyumba anatola pepala la malangizo lija pawindo. Analipinda kanayi n'kuliika m'chikwama, akudziuza kuti sadzalitulutsa.

* * *

Ku Muthaiga matatu sakulowetsa mpaka pakhomo. Consolata anatsikira pamsewu waukulu n'kuyenda pansi mtunda wonse, m'mbali mwa mipanda yaitali ndi agalu osaoneka, dzuwa la m'mawa likumuwotcha pakhosi. Pofika pageti nsapato zinali zitatuwa, ndipo Monalisa, amene anamutsegulira chitseko ngati mwini nyumba, anayamba kuyang'ana nsapatozo asanayang'ane nkhope.

Amalume a Masauko anali munthu wamfupi, wa imvi, wa jekete lalikulu kuposa mapewa ake. Anali mphunzitsi wopuma ntchito, ndipo ankalankhula pang'onopang'ono ngati akulembetsa. Pa tebulo lagalasi pakati pa chipinda panali mbale, ndipo m'mbalemo munali kathumba kaja, katayamba kuuma n'kuchita nkhungu m'mbali. Lawson anakhala pafupi ndi windo, maso ali pa kapeti.

Anayamba ndi pemphero, ndipo a Dinah anapempherera nyumba yawo kuti itetezedwe ku mphamvu za mdima, liwu lililonse likulunjika pampando wa Consolata. Kenako anafotokoza zimene anapeza. Amalume anamvetsera osadula. Atatha anatembenukira kwa Consolata namufunsa ngati anasoka kathumbako ndi iye. Anavomera. Anamufunsa za mkati, ndipo iye anati atsegule aone.

A Dinah anabweretsa lumo. Amalume anadula ulusi, ndipo m'mbale munagwa phala lakuda lonunkha chowawasa, ndi kasupuni. Maluwa oyera aja atakhala masiku anayi m'vinyo ndi atatu m'pulasitiki sankaonekanso ngati maluwa. Consolata anaona yekha kuti umboni wake wamuukira.

"Mphwanga," anatero amalume, "mayiyu akuti tifunse iwe. Kampango aka kanafika bwanji m'manja mwake? Za mowawu ukudziwapo chiyani?"

Consolata anayang'ana Lawson, ndipo ankamukondabe pa mphindi imeneyo, ankamupempherera kuti akhale mwamuna kamodzi kokha.

"Kampango mwina ndinakaiwala kumeneko, amalume. Za ndowayo, ine sindidziwa bwino."

Consolata sanatsegulebe chikwama. Anaganiza za mayi wokalamba wa ku Dowa ndi mtima wake wofooka, naluma mlomo. Akanatuluka choncho, atasenza mlandu wa eni, Monalisa akanadziwa kukhala chete. Koma wopambana sachedwa kuwonjeza mchere.

"Ndipo aka si koyamba, amalume," anatero Monalisa. "Poyamba anangothira zitsambazo osamanga. Zinafufuma mpaka chivundikiro kuphulika, khoma lonse kuda. Ndiye anaona kuti asoke."

Consolata anatembenuka pang'onopang'ono. Khoma lija analikolopa yekha tsiku lomwelo. Panalibe mlendo amene analiona. Anauza munthu mmodzi yekha, pa foni, akumukalipira.

"Za khomazo wakuuza ndani, Monalisa?"

Monalisa anati anangomva. Consolata anafunsa kuti kwa yani, popeza makoma a ku Madaraka saimba kwaya. Lawson anali atayamba kutuluka thukuta pamphumi.

Apo ndi pamene chifundo chinamuthera. Anatsegula chikwama, natambasula pepala lija, naliika m'manja mwa amalume atagwada. Anawaonetsa chithunzi cha ndowa, mzere wachinayi wonena za kathumba ka nsalu, ndi zolemba za pansi pake. Anafotokoza zonse kuyambira ku London mpaka pa sefa ya tiyi. A Dinah anasuzumira papepalapo, ndipo Consolata anaona m'maso mwawo kuti zilembozo azizindikira msanga kuposa mmene anazindikirira ulusi wawo.

"Aliyense akhoza kulemba L," anatero a Dinah.

Amalume anaika pepalalo patebulo. Anatulutsa cholembera m'thumba la jekete, natembenuza pepalalo, nauza Lawson kuti alembe mawu akuti Lolemba. Zaka makumi atatu za kuchonga makope sizipita pachabe. Lawson anagwira cholembera, nachiyang'ana, nachiika pansi osalemba.

"Ndi wanga," anatero motsitsa. "Vinyoyo ndi wanga. Kampango ndinapereka ndekha."

Consolata anadikira. Ankaganiza kuti tsopano wina apepesa, kapena a Dinah achotsa mbale ija patebulo. A Dinah anavula magalasi n'kuyamba kulira, koma sankalirira Consolata. Anati onani mmene mkaziyu wamusinthira mwana wa bambo awo. Asanakumane naye, Lawson sankadziwa ngakhale fungo la mowa, lero akufulula, akunama pamaso pa amalume ake. Ngati si mankhwala a m'kathumba, ndiye kuti ndi mankhwala ena amene sanawapeze.

Amalume anapinda pepalalo n'kuliika m'thumba. Anati za chithumwa iwo sakuziona, ndipo sakazinena kumudzi. Consolata anapuma. Koma anapitiriza kuti iwo anatumidwa kudzaona mkazi woti alowe m'banja la malemu mlamu wawo, ndipo chimene apeza ndi nyumba yosungiramo mowa, mphwawo wabodza, ndi akazi awiri odziwa za khoma limodzi. Mapanga awiri avumbwitsa, anatero akuyang'ana Lawson. Kwa ankhoswe a ku Dedza sapitako mpaka mphwawo adzawauze yekha, pamaso pa onse, kuti mkazi wake ndi uti. Anamupatsa mpaka Lachitatu, tsiku lonyamuka.

Lawson anadzutsa mutu kwa nthawi yoyamba. Sanayang'ane amalume kapena a Dinah. Anayang'ana Consolata, maso atafiira.

"Wandipereka," anatero. "Unalonjeza kuti sudzanena."

Consolata anafuna kuseka. Munthu amene anamusiya kuti atchedwe mfiti mphindi khumi zapitazo ndiye ankadandaula za kuperekedwa. Anatola chikwama chake naimirira.

Thukuta linali likutsikira m'maso mwa Lawson. Anapisa m'thumba la thalauza mwachizolowezi, napeza mulibe kanthu. Monalisa, mwina chifukwa cha chisoni, mwina pofuna kuti onse aone amene amasamala, anatsegula chikwama chake mwachangu n'kumupatsira kampango. Kanali koyera, kositidwa bwino, kopindidwa kanayi. Pakona pake panali chilembo cha L cha ulusi wabuluu.

Lawson anakalandira asanaganize, ndipo atazindikira chimene wagwira, dzanja linaima m'malere. Amalume anayang'ana kampango ka m'mbale, nayang'ana ka m'dzanja. A Dinah anasiya kulira.

Consolata anaima pakhomo. Kampango kaja kanatayika m'matatu, ndipo matatu ake anali atakhala pa sofa, atapinda miyendo. Mtima unamupweteka kwambiri, koma mawu anatuluka osalala, aulemu, ngati akufunsa njira.

"Achemwali, ulusi uwonso ndi wanu. Kanga munati ndi kondaine chifukwa munakapeza m'ndowa. Nanga aka kotuluka m'chikwama, mukatcha chiyani?"

Consolata anatseka chitseko bwinobwino, osamenyetsa, nayamba ulendo wobwerera kumsewu waukulu. Asanafike pa ngodya yachiwiri foni inalira m'chikwama. Unali uthenga wochokera pa nambala ya Lawson, koma kalembedwe kake sikanali ka Lawson: Mayi, ndine Masauko. Mawa mukaweruka ku tchalitchi ndibwera ku Madaraka ndekha. Ndowayo musataye, ndidzalaweko, ndipo mphwanga musamuuze. Foni yakeyi ndangobwereka, uthengawu ndiufufuta.